Mwini Lole Woyenda Pansi

Ana anga, mwandifunsa kangapo, ena moseka ena modandaula, kuti zinatheka bwanji munthu kukhala ndi lole zaka zonsezi koma osadziwa ngakhale pamene pali buleki. Yankho lake ndikati ndilinene pakamwa sindilimaliza. N'chifukwa chake ndalilemba. Mudziwiretu kuti loleyo inadya penshoni yanga yonse, moti tsiku lililonse imene inali panjira, ukalamba wanga ndi wa mayi anu unali panjira pomwepo. Ndipo linafika tsiku limene ndinailowetsa m'madzi mwadala, ndikudziwa kuti mwina situlukamo.

Zaka za sikelo: Nsanama, Chikweo, Balaka

Ntchito yanga yoyamba inali ya ukalaliki wa sikelo pamsika wa bungwe logula mbewu ku Nsanama. Ndinali wamfupi monga ndililimu, moti pokoloweka thumba pasikelo ndinkakwera pa njerwa, alimi n'kumaseka. Kumeneko sindinakhalitse. Ananditumiza ku Chikweo, ndipo ndi kumene ndinaphunzira kuti mwini wake wa ntchito yogula mbewu si sikelo ayi, ndi galimoto. Thonje tinkagula, n'kuliunjika panja mulu wopitirira denga la ofesi, kenako n'kumayang'ana kumsewu. Matumba ankatha, ulusi wosokera unkatha, malo ankatha. Tikaleka kugula, amayi ankabwerera kwawo ndi mitolo pamutu, ena ochokera kutali kwambiri, ndipo wotukwanidwa ndinali ine wokhala pafupi. Bwana wathu wa ku Balaka anali munthu wabwino mtima, koma yankho lawo linali limodzi: "Lole ikubwera mawa, anyamata." Mpaka dzina lawo lenileni tinaliiwala, tinkangoti a Mawa. Vuto silinali iwo. Madalaivala ankakana njira ya ku Chikweo.

Tsiku limene lole yafikadi, anthu ankasiya makasu. Ine ndinkaima n'kumayang'ana munthu amene watsika kutsogolo kuja akudziwongola msana, n'kumadzifunsa kuti kodi ameneyu mtima wake ngotani, wobweretsa chinyumba chachitsulo chonsechi kudutsa makwawa onse aja ndi manja awiri okha. Mantha osakanikirana ndi ulemu amenewo sanandichoke. Ngakhale atandikweza n'kundipititsa ku depoti ya ku Balaka, kumene malole ankalowa ndi kutuluka tsiku lonse, sindinazolowere. Ndinkangodziuza chamumtima kuti ndikadzapuma, ndidzagula lole yanga yosakana njira ya ku Chikweo.

Chaka chimene ndinapuma ntchito

Nditawauza mayi anu, anaika pansi lichero limene anali nalo.

"Inu bambo ake ana, njinga yakapalasa yomweyi mumatsika mukaona mbuzi. Ndiye mukagule lole? Bwanji osamanga nyumba za lendi ngati anzanu?"

"Ndilemba dalaivala."

"Ndiye kuti penshoni yonse mwaipatsa munthu wina kuti aziyenda nayo, inu muli phee pambali."

Sananame. Koma mtima ukafuna chinthu sumva za mnzako. Ndinagula lole ya matani atatu, yakale, kwa bambo wina wa ku Liwonde amene ankatutira njerwa. Atandipatsa makiyi ndinaima nawo pabwalo lawo ngati munthu amene wapatsidwa mwana wa eni, osadziwa pomugwira. Loleyo inagona komweko. M'mawa mwake ndinapita pa lenki ya malole ku Balaka kukafuna dalaivala, ndipo atamva kuti njira yake ndi ya ku Chikweo, komanso kuti mwini wake sadziwa kusiyanitsa dizilo ndi palafini, anaseka mpaka ena kugwira m'mimba. Amene sanaseke anali mmodzi, Che Bakali, Myao wamtali wa kachisoti koyera, kwawo ku Chikweo komweko. Ndinawakumbukira. Anali mmodzi mwa ochepa amene ankabwera kudzatenga thonje lija.

Tinapita limodzi ku Liwonde. Anailiza injini, n'kuimvetsera nthawi yaitali maso ali chitsinzinire, ngati dokotala pachifuwa cha wodwala. Analowa pansi pake, anatuluka, anapukuta manja. Kenako anachita chinthu chimene sindinachimvetse.

"Abwana, tabwerani muime apa. Iyayi, pafupi ndi tayala. Wongokani."

Ndinaima. Anaika dzanja pachitsulo china kuseri kwa mpando wa dalaivala, n'kulikoka mowongoka mpaka linafika pa lamba wa buluku langa.

"Chambone!" anatero, kutanthauza kuti zili bwino. "Apa ndi pamene injini imapumira. Madzi akalowa apa, lole yafa, ndipo siukanso. Tsono Mulungu anakupimani bwino, lamba wanu ali pomwepo ndendende. Ntchito ndaivomera. Ine ndiziyendetsa, inu muzitsogola."

Ndinaganiza kuti ndi nthabwala za madalaivala. Mvula itagwa ndinadziwa kuti sankaseka.

Dzinja loyamba

Ukasiya tala n'kulowa njira yafumbi ya ku Chikweo, pali mtsinje wina wopanda mlatho. Pansi pake anangoyalapo chisimenti chopapatiza, chokwana galimoto imodzi, ndipo mbali yakumunsi chinagumuka kalekale, pali phompho. M'chilimwe umadutsa osadziwa n'komwe kuti pali mtsinje. Koma madzi saiwala khwawa. Mvula ikagwa kumapiri amabwera ofiira ngati thobwa, chisimenti chonse n'kubisika, ndipo dalaivala sangaone pamene chathera. Tsiku loyamba titafika pamenepo ndi feteleza wa alimi, Che Bakali anazimitsa injini n'kundiyang'ana.

"Kwende, tiyeni abwana. Vulani nsapato. Phazi lamanja lizifufuza m'mphepete mwa simenti mbali yakumtunda, musalisiye. Mukawoloka mubwerere, kenako mutsogolenso, ine ndizitsata msana wanu. Lamba akanyowa, kwezani manja, tibwerera."

Ndinalowa, munthu wamkulu wa imvi, anthu ali kutsidya kuonerera. Madzi anali ozizira, akukoka miyendo. Ulendo wachiwiri ndinamva injini ikubangula kumbuyo kwanga, madzi amene inkakankha akundimenya m'matako, ndipo ndinafuna kuthawa. Sindinacheuke. Titatulukira kutsidya ndinayang'ana m'mbuyo, n'kuona chinthu chonse chija chikukwera mtunda madzi akuchucha, matayala atadutsa ndendende m'mene ndinaponda ine. Ndinazizwa. Mpaka lero sindimvetsa kuti munthu wokhala pamwamba paja amadziwa bwanji pamene tayala lakumbuyo laponda.

Dzinja limenelo mapazi anga anachiloweza chisimenti chija. Ndinadziwa pamene pali mng'alu, pamene mchenga umaunjikana, pamene chimakhota pang'ono osaoneka. Mayi anu anandisokera kabudula wa ntchito imeneyi. Anthu a m'midzi ya kumeneko anandipatsa dzina loti Mwini Lole Woyenda Pansi, ndipo ana a sukulu akationa ankathamangira kumtsinje kukaonerera. Sindinkakwiya. Amayi amene kale ankabwerera ndi mitolo pamutu tsopano ankatidikira m'mbali mwa njira ndi matumba a chimanga ndi makaka, chinangwa chouma chija, ndipo zimenezo zinkandikwanira.

Kuyendetsa ndinayesako, musamati sindinayese. Tsiku lina Che Bakali anandipatsa chiwongolero pabwalo la mpira lopanda munthu. Bwalo lonse lija, ine ndinasankha golo. Titatha kudzutsa mitengo ya eni ake, iwo anati, "Abwana, mutu umodzi susenza denga. Inu khalani ndi miyendo, ine ndikhale ndi manja." Nkhani ya sukulu yoyendetsa inathera pomwepo.

Tinkayenda bwino anthu awirife. Nthawi ya swala, mapemphero a Chisilamu, ikakwana ankaimitsa lole pamthunzi n'kuyala kamkeka kawo, ine n'kutulutsa kolona. Iwo ankandiseka kuti ife Alomwe tinachedwa kukula chifukwa chodikira kalongonda, nyemba zathu zochedwa kupsa zija, kuti apse, ine n'kumawabwezera kuti utali wawo unathera m'miyendo. Tsiku lina tawoloka mtsinje uja, tikudya chinangwa chootcha, anayang'ana madziwo n'kunena mawu amene ndinawatenga ngati macheza.

"Abwana, ine ndatuta katundu wa anthu moyo wanga wonse. Ndikadzafera kutali, musadzandisiye kumanda a m'tauni. Lole yomweyi idzandifikitse pakhomo, ndikagone pafupi ndi bambo anga."

"Mudzayamba ndinu kundinyamula ine," ndinatero. "Koma chabwino, ndamva."

"Mwavomera?"

"Ndavomera."

Dzinja lomaliza la Che Bakali

Zinachitika m'mawa ku Balaka, mvula itagwa masiku angapo osalekeza. Tinali titapakira feteleza wa wamalonda wina wa ku Nsanama, amene panthawiyo ndiye ankatipatsa ntchito zambiri. Che Bakali ankamanga zingwe pamwamba pa lona. Anatsika, anakhala pansi atatsamira tayala, n'kunena kuti mutu ukuwazungulira. Madalaivala anzawo anathamanga nawo kuchipatala. Dzuwa lisanafike pamutu, anatisiya.

Asilamu sagoneka maliro. Akuluakulu a kumzikiti anabwera msanga, anawasambitsa, anawakulunga m'nsalu yoyera. Shehe, munthu wofatsa, ananditengera pambali. "Bambo, tamva kuti ndinu bwana wawo. Njira ya kwawo yaipa, magalimoto akubwerera pamtsinje. Manda athu alipo konkuno, ndipo palibe cholakwika kuwaika kuno. Koma akazi awo pafoni akungolira, akuti malemu ananena mawu ena kwa inu." Ndinayankha kuti ananenadi. Kunena zoona, mtima wina unkandinong'oneza kuti shehe wanditsegulira khomo lotulukira, ndipo palibe akanandinena. Munthu yekhayo amene ndinkamukhulupirira pamadzi aja ndi amene anali m'nsalu yoyerayo.

Ndinapita kunyumba kukawauza mayi anu. Ndinayembekeza kuti andikumbutsa za nyumba za lendi. Anandimvetsera mpaka kumapeto, analowa kuchipinda, n'kutuluka ndi kabudula uja atamupinda bwino. Anandipatsa m'manja.

Feteleza tinatsitsa. Mwini wake anakalipa pafoni, ndipo kuchokera tsiku limenelo sanatipatsenso ntchito. Pa lenki ndinaima pakati pa anthu omwe aja anandiseka poyamba, n'kufunsa amene angayendetse. Kenako anaimirira a Pinifolo, bambo wonenepa wa mpingo wa Chipulotesitanti, amene anali asanapondeko ku Chikweo. "Njirayo sindiidziwa, madala," anatero. "Koma Bakali anandikokapo ndi tcheni nditatitimira. Tiyeni."

Zimene ndinaona potuluka m'Balaka sindidzaziiwala. Tinamangirira masamba aawisi kutsogolo kwa lole monga mwa mwambo wa maliro. Malemu tinawagoneka kumbuyo pa jeneza, chithatha chimene Asilamu amanyamulira maliro, amuna a kumzikiti atakhala mozungulira. Malole onse a pa lenki anatitsatira mumndandanda akuliza mahutala mpaka kunja kwa tauni. Akabaza ankatsika panjinga, azibambo ankavula zipewa, amayi ogulitsa tomato ankaimirira. Pa Liwonde chimodzimodzi, pa Nsanama chimodzimodzi. Ine amene ndinkaganiza kuti ndinalemba ntchito dalaivala wamba, ndinkamva anthu m'mbali mwa msewu akuitanizana kuti, "Ndi Che Bakali! Ndi lole ya Che Bakali!" Palibe ananena kuti ndi lole yanga, ndipo ndinaona kuti akunena zoona.

Tinafika pamtsinje dzuwa litapendeka. Madzi anali ochuluka kuposa tsiku lina lililonse limene tinawolokapo. Ndinavala kabudula, ndinamanga lamba wanga pamalo pake, n'kulowa ndekha kukayeza. Pakati penipeni madzi anafika pa lamba. Sanapitirire, koma anamukhudza. Lamulo la Che Bakali linali lomveka: lamba akanyowa, tibwerera.

Nditabwerera, shehe anati, "Malemu tiwawolotsa pamapewa, zimenezo zisakuvuteni. Koma kuchokera kutsidyako kukafika kumudzi ndi kutali. Wapansi tikafika mdima utagwa, ndipo manda akumba kale, anthu akudikira." Sanandikakamize. A Pinifolo nawo anati, "Lole ndi yanu, madala. Mukati tilowe, ine nditsata msana wanu. Mukati ayi, palibe akudzudzuleni."

Amuna aja anatsitsa jeneza, anakweza pamwamba pa mitu yawo, n'kulowa m'madzi atagundana mapewa, akutchula dzina la Mulungu motsitsa mawu. Nsalu yoyera ija inkayenda pamwamba pa madzi ofiira osakhudzidwa ndi dontho. Atafika kutsidya anawagoneka pansi pa mtengo wa mango. Ndinayang'ana. Zaka zonse pamtsinje umenewu Che Bakali ankakhala kumbuyo kwanga. Tsiku limenelo anali kutsogolo, akudikira lole yawo. Ndinaganiza za mayi anu, za ukalamba wopanda kanthu, za kuseka kwa anthu. Ndinachita mantha kwambiri. Koma ndinapeza kuti kuwasiya pansi pa mango paja kunkandiopsa koposa.

"A Pinifolo, lizani injini."

Ndinakumbuka zimene malemu ankanena, kuti lole yopanda katundu madzi amainyamula ngati beseni. Nditangotchula, anthu a m'mudzi wapafupi amene anabwera kudzaonerera anayamba kututa miyala, amuna ndi akazi omwe, osafunsa kuti alipidwa chiyani, mpaka kumbuyo kunalemera. Ndinawauza a Pinifolo kuti madzi amatsikako pang'ono mbali yakumtunda pamene mchenga unaunjikana pachisimenti, choncho tayala lamanja lidutse pamene padutse phazi langa lamanja, ndipo asachotse phazi pamoto ngakhale aone zotani.

Ndinalowa. Phazi linapeza m'mphepete mwa simenti, linapeza mng'alu uja, linapeza pokhota. Kumbuyo injini inkabangula, koma kabangulidwe kake kanali kachilendo, ka dzanja lina. Pakati paja madzi okankhidwa ndi lole anandimenya mpaka pachifuwa, ndipo ndinamva injini ikutsokomola. Kamodzi. Kawiri. Anthu a mbali zonse ziwiri anakuwa. Miyendo inafuna kuima kuti ndicheuke, koma ndinadziwa kuti ndikaima, a Pinifolo aponda buleki, ndipo zonse zithera pomwepo. Ndinayang'anitsitsa nsalu yoyera pansi pa mango paja n'kupitirira. Injini inatsokomolanso, kenako inagwira mawu ake. Pamene madzi anatsika kufika m'maondo, ndinamva matayala akuluma mtunda kumbuyo kwanga. Ndinakhala pansi m'matope. A Pinifolo anatsika thukuta lili kamukamu, anandiyang'ana, anayang'ana mtsinje, n'kungoti, "Ha! Madala, ntchito imeneyi mumaigwira chaka chilichonse?"

Miyala tinataya, malemu tinawakwezanso. Tinalowa m'mudzi mwawo dzuwa likadalipo, ndipo lole inaima pakhomo penipeni pa nyumba yawo, pamene ankaiimika tikagona kumeneko. Akazi awo anatuluka, anagwira chitseko cha mbali ya dalaivala, n'kulira atatsamira pomwepo. Loleyo ilipo mpaka lero, mukuidziwa, ndipo akuyendetsa ndi a Pinifolo omwewo. Koma za lole ndalemba zokwanira.

Popita kumanda, Asilamu sasiyira anthu ochepa kunyamula maliro. Amuna amandanda mbali zonse ziwiri, jeneza n'kumayenda kuchoka paphewa la uyu kupita la uyo, aliyense kunyamulako pang'ono n'kupatsira mnzake. Ine ndinatsalira m'mbuyo, Mkatolika wa kabudula wonyowa ndi matope mpaka m'chiuno, osadziwa ngati n'kololedwa. Mchimwene wawo wa malemu, wamtali ngati iwo, anabwerera, anandigwira pamkono n'kundilowetsa mumzere. "Bwerani, achimwene. Malo anu ndi awa."

Jeneza itafika pa ine, inadutsa pamwamba pa mutu wanga. Ndinanyanyamphira, ndinakweza phewa, koma silinafike. Ufupi womwe uja, umene unandiyenereza kutsogolera lole, unandimana kunyamula mnzanga. Ndinafuna kuchoka mumzere mwamanyazi. Ndiye mchimwene wawo uja ananena mawu amodzi m'Chiyao, ndipo amuna onse aatali aja, kutsogolo ndi kumbuyo, anapinda maondo n'kumayenda chowerama, mpaka mtengo wa jeneza unatsika n'kukhazikika paphewa langa. Ndinamva kulemera kwawo. Munthu amene anandinyamula zaka zonse zija, ine ndili phee pambali monga ananenera mayi anu, ndinamunyamulako nanenso kamtunda kochepa, ndikulira ngati mwana, ndipo palibe anawongoka mpaka nditapatsira wotsatira.